Mtengo wa m'buku si mtengo wa dola yanu

Ndalama yachitsulo ya dola imodzi ya ku America imalowa m'nyumba mwakachetechete, ngati kamphatso ka m'bale wochokera kunja. Imagona m'kabati zaka ndithu, mpaka tsiku limene wina aona pa Facebook kuti yofanana nayo yagulidwa madola masauzande. Basi, tulo tatha nyumba yonse.

Ine ndimazikonda ndalama zimenezi, n'chifukwa chake lero ndikufuna tikambirane za mawu akuti "yofanana". Pamenepo ndi pamene pagona nkhani.

Tiyambe ndi yooneka ngati golide ija, yokhala ndi chithunzi cha Sacagawea atabereka mwana. Mulibe golide m'menemo ayi, ndi kopa wosakaniza ndi zitsulo zina. Za chaka cha 2000 zokhala ndi chilembo P zinasulidwa zoposa 700 miliyoni, ndipo pafupifupi zonse mtengo wake ndi dola imodzi yomweyo. Koma chaka chomwecho ndalama 5,500 zinaikidwa m'mabokosi a chakudya cham'mawa chotchedwa Cheerios, ndipo patapita zaka anthu anazindikira kuti pa zina mwa izo nthenga za kumchira kwa chiwombankhanga zili ndi timizere tooneka bwino timene palibe pa zinzake. Zimenezo ndiye zimagulidwa madola masauzande. Chaka chimodzi, nkhope imodzi, kusiyana kuli kumchira, ndipo popanda galasi lokulitsa zinthu mungangodutsa.

Dola yasiliva yotchedwa Morgan, imene inasulidwa kuyambira 1878 mpaka 1904 kenako mu 1921, ndiye ili ndi mitundu yochuluka zedi. Itembenuzeni, muyang'ane pamwamba pa mawu akuti DOLLAR. CC ndiye kuti inasulidwa ku Carson City, O ku New Orleans, S ku San Francisco, D ku Denver, ndipo ikakhala yopanda chilembo ndi ya ku Philadelphia. Ya 1893 yokhala ndi S zinasulidwa 100,000 zokha, moti akathyali amatenga ya ku Philadelphia ya chaka chomwecho n'kumatapo S wawo. Za 1878 zina zili ndi nthenga 8 kumchira, zina 7. Leroy Van Allen ndi George Mallis analemba buku lonse la timasiyanidwe totere, ndipo mpaka lero osonkhanitsa ndalama amatitchula ndi nambala za VAM.

Tsono mukadziwa mtundu wake, mumatsegula buku la mitengo. Lotchuka ndi la chikuto chofiira limene R. S. Yeoman anayambitsa mu 1946, limene anthu amangoliti Red Book. Ndi buku labwino, ndipo pozindikira mitundu ine ndimalikhulupirira kwambiri. Pa mitengo pokha m'pamene ndimayenda nalo mochenjera.

Choyamba, mtengo umene uli m'menemo ndi umene wamalonda angakugulitseni. Umene angakugulireni ndi wina, wotsikirapo, ndipo uli ndi buku lakelake la chikuto chabuluu. Aliyense amene anagulitsapo chimanga kwa mavenda akuzidziwa izi. Komanso ndalama imodzi ili ndi mitengo ingapo pamzere umodzi, malinga ndi mmene yaperesekera, pa muyeso woyambira 1 mpaka 70. Diso la mwini ndalama limathamangira kumapeto kwa mzere kumene kuli nambala yonona, pamene ndalama yake, yoti yayenda m'matumba a anthu zaka zambiri, malo ake ali koyambirira. Amene mawu awo amamveka pamsika pankhani ya muyeso ndi makampani ngati PCGS ndi NGC, ndipo amalipiritsa. Ndalama wamba ingathe kukudyerani zoposa mtengo wake pongoiyezetsa.

Nkhani imene ndimaikonda ndi ya Morgan ya 1903 yokhala ndi O. Mpaka 1962 yosagwiritsidwapo ntchito inali yosowa kwambiri, ndipo buku linkaiika pa madola 1,500. Anthu ankaganiza kuti zambiri zinasungunulidwa kalekale. Chakumapeto kwa chaka chimenecho boma la America linatsegula mosungira ndalama ku Philadelphia, n'kutulutsa matumba odzaza ndalama zomwezo, zonyezimira ngati zasulidwa dzulo. Mtengo unagwa mpaka pansi pa madola 50. Buku lija linali likadali pashelefu, likunenabe 1,500. Taganizani munthu amene anagula yake mwezi umodzi zisanachitike, buku lili m'manja! Bukulo silinaname, linkanena za msika wadzulo. Masiku ano ndi bwino kufufuza pa intaneti mitengo imene ndalama za mtundu ndi muyeso womwewo zagulidwadi posachedwapa. Mtengo umene wogulitsa wangolemba, wopanda wogula, musauwerengere.

Ngati muli ndi Morgan m'kabati, musanawerengere chuma ikani pasikelo yabwino, monga ya osula ndolo ndi mphete. Yeniyeni imalemera magalamu 26.73, yoperesekayo kucheperako pang'ono. Ikamamatira ku maginito ndi yabodza, ngakhale kuti zabodza zina sizimamatira. Ndipo chonde, mayi, musaikweche ndi phulusa kapena mchenga ngati poto kuti iwale. Ogula amafuna kuda kwake komweko, ndipo yokwechedwa amaidziwa msanga n'kudula mtengo. Igwireni m'mbali mokha, muikulunge payokha, muisunge pouma.