Musalipirire timadontho tomwe maso anu sangatione

Tsiku lina bambo kapena amalume adzakuitanani: "Iwe, poti umaphunzira sayansi, tiye ukatithandize kusankha TV." Ndalama yake mwina ndi ya soya wa chaka chonse, kapena yomwe atumiza achimwene ali ku Joni. Mukalowa m'sitolo, wogulitsa adzakulozerani chikanema chachikulu ngati chitseko n'kunena kuti, "Bwana, tengani iyi ya 4K, ndi ya m'tsogolo, simudzagulanso ina." Ine ndikuti mawu akuti "ya m'tsogolo" amenewo muyambe mwawayesa ndi masamu akuluakuluwo asanapise m'thumba.

Chithunzi cha pa TV chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono towala, totchedwa mapikiselo. Chithunzi chakale chija, cha SD, chili ndi timadontho 720 chopingasa ndi 576 chotsika, tonse pamodzi 414,720. TV yolembedwa "HD Ready" kawirikawiri imakhala ndi 1,366 ndi 768. Full HD ndi 1,920 ndi 1,080, kupitirira pang'ono 2 miliyoni. 4K ndi 3,840 ndi 2,160, ndiye kuti timadontho 8,294,400, kanayi kuposa Full HD. Papepala 4K yapambana, palibe zokambirana. Koma TV sitionera papepala, timaonera ndi maso, titakhala pampando.

Diso la munthu woona bwino limasiyanitsa timadontho tiwiri ngati ngodya yapakati pake ili pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri imodzi. Ngodya ikachepera apo, timadontho tiwiri timaoneka ngati kamodzi. Mukagwiritsa ntchito tangent yomwe mumaphunzira m'masamu ija, mupeza lamulo losavuta: chulukitsani kukula kwa kadontho ka 3,400, yankholo ndi mtunda umene kadonthoko kamasowa m'maso.

Tiyeni tiyese ndi TV ya mainchesi 55. Kumbukirani kuti mainchesiwo amayeza kuchokera pakona ina kukafika pakona yoyang'anana nayo, osati chopingasa. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye 55 ndi pafupifupi masentimita 140, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 122. Gawani ndi 1,920, kadontho ka Full HD kakukwana mamilimita 0.64. Chulukitsani ka 3,400, mupeza mamita 2.2. Kadontho ka 4K ndi theka la kameneko, ndiye mtunda wake ndi mita 1.1 basi. Tanthauzo lake ndi lakuti mukakhala kutali kupitirira mamita 2.2, diso lanu lalephera kale kuona kadontho ka Full HD, ndipo timadontho tina 6 miliyoni tomwe 4K yawonjezera tikungowala pachabe. Kuti mudye phindu lonse la 4K muyenera kukhala pafupi mita imodzi, pamalo paja amayi amakuthamangitsanipo kuti muononga maso. Pabalaza pomwe sofa ili mamita atatu kuchokera kukhoma, Full HD imakwanira mpaka TV ya mainchesi 75. Werengerani nokha muone ngati ndikunama.

Ndiye pali funso lomwe ogulitsa salikonda: chithunzicho chichokera kuti? M'sitolo amaika filimu yapadera yochokera pa flash, ya maluwa ndi mbalame, yojambulidwa mu 4K yeniyeni. Kunyumba mukalumikiza dekoda, ndipo matchanelo ambiri a pa dekoda akadali a SD, ena ndiwo a HD. TV ya 4K ikalandira chithunzi cha SD imayenera kudzaza timadontho 8,294,400 kuchokera pa 414,720. Gawani, yankho ndi 20 ndendende. Pa timadontho 20 tiritonse, kamodzi ndiye kabwera kuchokera ku siteshoni, 19 enawo TV yangoganizira potengera toyandikana nato. Zili ngati kuthira madzi m'ndiwo kuti alendo akwanire: mbale yadzaza, koma nyama ndi yomwe ija. Ndipo TV ikakula, kusaoneka bwinoko nakonso kumakula, mpira n'kumaoneka ngati osewera apakidwa utsi.

Wina anena kuti 4K ili pa intaneti. Eya, ilipo. Koma Netflix yokha imanena kuti filimu ya 4K imatha kudya data yokwana 7GB pa ola limodzi, pamene ya HD imafika 3GB. Tengani mtengo wa bandulo yomwe mumagula, muwerengere filimu imodzi ya maola awiri, kenaka mukawauze bambo.

Mbiri ya TV imaphunzitsanso kuti za m'tsogolo n'zovuta kulosera. Mu 2010, pa World Cup ya ku South Africa, masewero 25 anajambulidwa mu 3D, ndipo makampani ankagulitsa TV zoonera ndi magalasi apadera ponena kuti tsogolo ndi limenelo. Pofika 2017, LG ndi Sony anali atasiya kuzipanga. TV za plasma nazonso zinasiya kupangidwa ndi makampani akuluakulu cha mu 2014, ngakhale kuno mpaka lero TV iliyonse yopyapyala timaitchabe "plasma". Kusintha komwe kunakhudzadi nyumba zathu kunali kwina: kusamuka kuchoka ku analogi kupita ku dijito, komwe bungwe la ITU linaika 17 June 2015 ngati tsiku lomalizira m'chigawo chathu. Malawi anasankha njira ya DVB-T2. Kodi anthu anataya TV zawo? Ayi. Anagula dekoda, ya Kiliye Kiliye kapena GOtv, n'kulumikiza ku TV yakale yomwe ija, ikugwirabe ntchito.

Apa ndi pomwe pagona maganizo anga. TV imakhalitsa chifukwa cha mabowo a kumbuyo kwake, osati kuchuluka kwa timadontho kutsogolo. Itembenuzeni. Werengani mabowo a HDMI: atatu ndi abwino, limodzi la dekoda, lina la laputopu kapena gemu, lina lodikira chipangizo chomwe sichinabwere. Ngati TV ndi ya 4K, funsani ngati HDMI yake ndi 2.0 kapena kuposera, chifukwa ya 1.4 imangonyamula zithunzi za 4K zokwana 30 pa sekondi pamene 2.0 imafika 60, ndipo pa mpira kusiyanako kumaoneka. Onani ngati palembedwa DVB-T2, ndiponso H.265 kapena HEVC, yomwe ndi njira yatsopanoko yopanikizira mafilimu kuti asadye malo ambiri. Mawu akuti "Smart" asakutengeni mtima kwambiri. Mapulogalamu a m'kati mwa TV amakalamba msanga kuposa galasi lake, ndipo akasiya kugwira ntchito kabokosi kakang'ono kolowetsa pa HDMI kamathetsa vutolo pa mtengo wochepa.

Sindikunena kuti 4K ndi yoipa. Masiku ano TV zambiri za mainchesi 50 kupita m'mwamba zimabwera zili za 4K kale, ndiye ngati mtengo wake sukusiyana kwenikweni ndi ya Full HD, tengani. Amene adzaigwiritse ntchito ngati sikirini ya kompyuta atakhala pafupi adzaonadi kusiyana. Chomwe ndikukana ndi kuwonjezera ndalama zambiri, kapena kutenga TV ya 4K yosadziwika dzina, ya mitundu yofuwirira, n'kusiya ya Full HD yowala bwino. Mtundu wakuda ukhale wakudadi, ndipo wokhala pambali pa chipinda aone chithunzi chofanana ndi wapakati. Zimenezi diso limaziona ngakhale pa mamita anayi.

Ndalama yotsalayo ili ndi ntchito. TV zambiri kwathu kuno sizifa ndi ukalamba, zimapsa magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kapena mphenzi ikagunda nyengo ya dzinja. Kachipangizo koteteza ku magetsi amphamvu n'kotchipa poyerekeza ndi TV. Ngati kwanu mumadalira sola, werengani mawati pa kapepala ka kumbuyo, poti TV ya mainchesi 55 imatha kudya moto kuwirikiza kawiri kapena kuposera poyerekeza ndi ya 32, batire n'kutha mpira usanafike pa hafu.

Musananyamuke, yezani ndi tepi kuchokera pa sofa kufika pomwe padzakhale TV, mulembe papepala. Tenganinso flash yokhala ndi filimu wamba ya kunyumba. M'sitolomo mupemphe kuti aike imeneyo m'malo mwa maluwa aja, mubwerere m'mbuyo mtunda womwe mwalembawo, ndiye muwafunse bambo kuti pa ziwirizo ya 4K ndi iti.