Musanatukwane aphunzitsi a ku yunivesite, tamverani

Pa Boma, pa Kamwendo, ngakhale pa maliro, ndakhala ndikumva kuti aphunzitsi a ku yunivesite ndi adyera, chawo n'kunyanyala ntchito basi. Ine ndikukana. Inu amene mumagulitsa mtedza ndi soya kuti mwana akafike ku Zomba, mkwiyo wanu ndi womveka, koma chala mwaloza munthu wolakwika.

Kumbukirani February 2011. Mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, adaitanitsa a Dr Blessings Chinsinga a ku Chancellor College chifukwa chophunzitsa kuti kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kungabale zonga zimene zidachitika ku Tunisia ndi Egypt. Mawu a m'kalasi adafika bwanji kupolisi? Anzawo adaika choko pansi, anayi adachotsedwa ntchito, kuphatikizapo mayi Jessie Kabwila, ndipo maphunziro adaima miyezi pafupifupi 8, kufikira Pulezidenti Bingu wa Mutharika atawabwezera pa ntchito mu October. Tandiuzani: munthu amene akuyang'ana ophunzira ake n'kumadzifunsa kuti kazitape ndi uti, angaphunzitse zoona? Adzangowerenga zolembalemba zakale, belu likalira n'kutuluka.

Mudzati amalandira zambiri kuposa mlimi. Inde. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, idagweranso m'thumba mwawo. Ndipo munthu wa digiri zitatu ali ndi kolowera: South Africa, Botswana, kapena maganyu a kafukufuku ku mabungwe. Ine ndidakalambira m'boma, ndikudziwa: wantchito wokhumudwa kawirikawiri salemba kalata yosiya ntchito. Thupi limabwera ku ofesi, mtima umatsala kunyumba. Otsalawo amasenza kalasi yosefukira, ena akumvera pazenera, ndi mulu wa mapepala a mayeso woti munthu mmodzi achonge usiku magetsi atazima. Mwana wanu amatuluka ndi pepala m'manja, koma palibe amene adakhala naye pansi kumuwongolera. Pajatu pa Deuteronomo 25:4 ngakhale ng'ombe yopuntha dzinthu adaiganizira za pakamwa pake.

Sindikuti onse ndi oyera. Aulesi alipo, awachotse. Koma phungu wanu akadzafika ku Mkanda kapena ku Kapiri, musadzangomufunsa za feteleza. Mudzamufunse kuti mphunzitsi mmodzi ku UNIMA, ku MUBAS kapena ku Bunda akusenza ophunzira angati, ndipo iye adalankhulapo chiyani ku Nyumba ya Malamulo.