Kupulumuka mu ligi n'chipambano, koma osati chaka ndi chaka

Sizoni iliyonse ikamapita kumapeto, mu Super League mumakhala mipikisano iwiri. Woyamba ndi wolimbirana chikho, ndipo ndi umene umadzaza masamba a Facebook ndi magulu a WhatsApp. Wachiwiri umachitikira kumunsi kwa tebulo, komwe matimu anayi kapena asanu amakhala akuthawa nkhwangwa. Mwa matimu 16 a mu ligiyi, atatu amatsanzika. Imene yathera pa nambala 13 imatsala, ndipo wenzulo yomaliza ikangolira mumaona osewera atagwada pansi, kochi atanyamulidwa m'mwamba, masapota akuvina mumsewu ngati abwera ndi chikho.

Mkangano umayambira pamenepo. Sapota wa timu yaikulu amafunsa monyogodola kuti kodi anthuwa akusangalalira chiyani, awina chani? Wa timu yaing'ono amayankha kuti wokhuta sadziwa za wanjala. Ine maganizo anga ndi akuti onse awiri ali ndi mfundo, koma pa nthawi zosiyana. Kwa timu imene yangolowa kumene mu ligi, kupulumuka n'chipambano chenicheni ndipo ivine mmene ingathere. Koma timu imene ikuvina gule yemweyo chaka chachitatu, chachinayi, chachisanu, iyeneranso kudzifunsa kuti ikupita kuti.

Tiyambe ndi chifukwa chimene sindigwirizana ndi anthu onyoza aja. Taonani zimene zakhala zikuchitikira matimu olowa kumene. Mu 2022, Rumphi United ndi Sable Farming adalowa mu Super League n'kutuluka sizoni yomweyo. Mu 2023, Extreme FC ya ku Mchinji idaona zomwezo. Mu 2024 idali nthawi ya Baka City ya ku Karonga ndi FOMO ya ku Mulanje. M'zaka zitatu zokha, matimu asanu adangosuzumira pakhomo n'kubwerera. Ndiye timu yatsopano ikakwanitsa kutsalamo, yachita chinthu chimene anzake ambiri adalephera.

Chimene chimagwetsa matimuwa nthawi zambiri si kusadziwa mpira. Ndi thumba. Timu iliyonse imasewera magemu 30, ndipo 15 mwa amenewa ndi akoyenda. Kuchoka ku Karonga kupita ku Blantyre ndi mtunda woposa makilomita 800. Pamafunika basi, mafuta, malo ogona ndi chakudya cha gulu lonse la osewera ndi aphunzitsi, kupita ndi kubwerera. Timu imene idazolowera kusewera m'chigawo chake chokha imapezeka kuti ndalama zimene idakonzera sizoni yonse zatha chigawo choyamba chisanathe. Onjezeranipo kukwera mitengo kwa zinthu. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, bwana amene adalonjeza thandizo kumayambiriro a chaka adapezeka kuti ndalama yomweyo sikugulanso zimene inkagula.

Komanso matimu a mu ligi yathu sayambira pamzere umodzi. Silver Strikers ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake. Maule ndi Manoma ali ndi makampani owathandiza komanso masapota m'boma lililonse. Kamuzu Barracks, Moyale Barracks ndi MAFCO ndi matimu a asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, ndipo osewera awo ambiri amalandira malipiro a pamwezi kuntchito, timu iwine kapena iluze. Nanga timu ya m'boma, yodalira wamalonda mmodzi ndi mbale yopemphetsa? Bizinesi ya bwanayo ikangotsokomola, timu yonse imadwala. Kuuza timu yotere kuti nambala 13 ndi manyazi n'chimodzimodzi kuseka wa kabaza kuti wafika mochedwa pamene mnzake anali pa galimoto.

Ndipo kutuluka mu ligi si nkhani ya manyazi okha. Timu yaing'ono imapeza ndalama zooneka za pageti makamaka tsiku limene Maule kapena Manoma abwera pabwalo pake. Ikatuluka, masiku amenewo amatha. Kampani imene idaika dzina lake pa jezi imayamba kuyang'ana kwina. Osewera abwino amatengedwa ndi matimu ena, otsalawo amasowa pooonekera kuti mwina aitanidwe ku Flames. Amayi ogulitsa mandasi ndi madzi pageti, anyamata a kabaza, eni malo ogona alendo, onsewa amamva kuwawa. Ku England, timu iliyonse ya mu Premier League imalandira ndalama zoposa mapaundi 100 miliyoni pa sizoni, zambiri mwa izo zochokera ku makanema oonetsa mpira, ndipo yotuluka imapatsidwabe ndalama zina kwa zaka zingapo kuti isagwe chagada. Kuno timu imatuluka ndi ngongole zake basi. N'chifukwa chake misozi imene mumaiona pa gemu yomaliza ija si yachiphamaso.

Mpaka apa ndili mbali ya ovina aja. Koma pali vuto limene limabwera kupulumuka kukasanduka cholinga chokhacho cha timu. Mtima wa "bola tisatuluke" uli ndi kachitidwe kake, ndipo amene mumatsata ligi yathu mukukadziwa. Timu imayamba sizoni popanda pulani. Ikaluza magemu anayi otsatizana, kochi amachotsedwa. Wobwerayo amauzidwa kuti ntchito yake ndi imodzi, kupulumutsa timu. Munthu wopatsidwa ntchito yotere sangaike mnyamata wa zaka 18 m'bwalo, chifukwa mwana akalakwitsa kamodzi ntchito yatha. Ndiye msika wa pakati pa sizoni ukatsegulidwa amathamangira kutenga akuluakulu amene matimu ena adawasiya, pa makontrakiti a miyezi yochepa. Kukatsala magemu atatu, akuluakulu a timu amatulukira ndi malonjezo a gemu bonasi yonona, pamene osewera omwewo akhala miyezi osalandira malipiro. Timu ikapulumuka, aliyense amaomba m'manja, osewera aja amabalalika, kochi amapita, ndipo chaka chamawa zonse zimayambiranso pa ziro.

Kodi pamenepa timu yapambana chiyani? Yagula chaka china cha mavuto omwewo. Ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Choopsa kwambiri n'chakuti chikondwerero cha tsiku lomaliza chimaphimba zonse. Palibe amafunsa kuti ndalama za pageti zidayenda bwanji, kapena kuti n'chifukwa chiyani timu yasintha makochi atatu m'chaka chimodzi. Wofunsa amaoneka ngati wansanje.

Pali matimu awiri amene nkhani zawo zimandithandiza kuona bwino nkhaniyi. Masters Security idatenga chikho cha Carlsberg mu 2018 itagonjetsa Wanderers pa mapenate. Chaka chotsatira, mu 2019, idatuluka mu ligi. Blue Eagles idathera pa nambala 2 mu 2022, kenako n'kutuluka mu 2023, zimene zidadabwitsa anthu ambiri. Koma mu 2024, ikusewera mu ligi ya m'chigawo chapakati, idatenga chikho cha FDH Bank itagonjetsa Bullets pa mapenate m'ndime yotsiriza, ndipo idabwereranso mu Super League. Chikho sichidapulumutse Masters, ndipo nkhwangwa sidaphe Eagles. Kusiyana kwake kudali pa maziko. Eagles idagwa ili ndi pogwira, osewera ake ambiri sadabalalike, ndiye idadzuka. Izi zikundiuza kuti nambala imene timu yathera pa tebulo ndi gawo chabe la nkhani. Funso lalikulu ndi lakuti, kumbuyo kwa nambalayo kwatsala chiyani?

Ambiri a inu mumatsata mpira wa ku England pafoni, ndiye nkhani ya Leicester City mukuidziwa. Kumayambiriro a April 2015 idali kumchira kwenikweni kwa Premier League. Idapambana magemu 7 mwa 9 omaliza n'kuthera pa nambala 14. Chaka chotsatira, mu 2016, idatenga ligi pansi pa Claudio Ranieri. Anthu amakonda kukamba nkhaniyi ngati chozizwitsa, koma amaiwala kuti timuyi itapulumuka idasunga osewera ake monga Jamie Vardy ndi Riyad Mahrez, n'kuwonjezerapo N'Golo Kanté kuchokera ku Caen ya ku France. Kupulumuka idakutenga ngati poyambira.

Sindikunena kuti timu ya ku Dedza kapena ku Chitipa ilote zotenga ligi chaka chamawa. Tisanamizane. Kuchokera pamene Kamuzu Barracks idatenga ligi mu 2016, chikhochi chakhala chikuzungulira pakati pa Bullets, Wanderers ndi Silver, ndipo Bullets yokha idachitenga kasanu motsatizana kufikira mu 2023. Koma pakati pa nambala 1 ndi nambala 13 pali malo ambiri olimbirana. Kuyambira mu 2017 tili ndi Airtel Top 8, mpikisano wa matimu asanu ndi atatu amene athera pamwamba. Nambala 8 ndi cholinga chimene timu yaing'ono ingachifikire, ndipo chimabwera ndi magemu ena opezerapo ndalama. Ekwendeni Hammers idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha FDH Bank mu 2021, sizoni yake yoyamba mu Super League. Chitipa United, imene idakhala ikulowa n'kutuluka, idabwerera mu 2023 n'kuthera m'gulu la matimu asanu ndi atatu apamwambawo. Amenewa si matimu a mabanki. Ndi matimu ovutika ngati anzawo, koma adaonetsa kuti denga la timu yaing'ono si nambala 13.

Ndiye timu yanu ikapulumuka, mungadziwe bwanji kuti ndi chipambano kapena ndi kungochedwetsa maliro? Ine ndimayang'ana zinthu zingapo zosavuta. Choyamba, osewera alandira malipiro awo onse? Timu imene yatsala mu ligi pa msana wa anyamata ogona ndi njala, olephera kulipira lendi, siyenera kudzitama. Chachiwiri, mapointi a chaka chino aposa a chaka chatha? Kupambana magemu awiri okha owonjezera ndi mapointi 6, ndipo pakati pa tebulo mapointi amenewa amatha kukweza timu malo angapo. Chachitatu, ndi anyamata angati a m'bomalo, ochokera ku timu yachisodzera, amene asewera sizoni ino? Timu yaing'ono singapikisane ndi Maule pogula osewera, koma ingathe kuwapanga n'kuwagulitsa, bola akhale pa makontrakiti olongosoka kuti asamangotengedwa ulere. Chachinayi, kochi amene wapulumutsa timu akhalapo chaka chamawa, ndipo wapatsidwa zaka zingati? Chomaliza, bwana wothandiza timu atati mawa watopa, timu ingathe mwezi umodzi ikuyenda?

Mayankho ambiri akakhala akuti eya, vinani, mukuyenda. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Akakhala akuti ayi chaka ndi chaka, ndiye kuti nkhwangwa yangolakwitsa pang'ono, ibweranso.

FAM ili ndi malamulo a ziphaso za matimu, amene amafuna kuti timu ikhale ndi makontrakiti a osewera, matimu achisodzera ndi mabuku a zachuma olongosoka. Malamulowa ndi abwino, ndipo FAM pamodzi ndi SULOM aziwalondoloza sizoni yonse, osati pa nthawi yopereka ziphaso yokha. Timu imene sikulipira osewera idziwike sizoni ili m'kati, osati anyamata atayamba kunyanyala maphunziro.

Koma nafenso masapota tili ndi mbali yathu, makamaka ife achinyamata. Timagula bando kuti tione Arsenal kapena Manchester United, timavala majezi awo, ena timabetcha pa magemu awo sabata iliyonse. Koma timu ya kwathu ikamasewera pabwalo loyenda wapansi kuchokera kunyumba, timafuna kulowa ulere, kudumpha mpanda kapena kunyengerera wa pageti. Kenako tikulemba pa Facebook kuti akuluakulu a timu alibe masomphenya. Mutu umodzi susenza denga. Timu imene ili ndi masapota olipira pageti, ogula jezi ku timu yeniyeniyo, olembetsa umembala, imakhala ndi ndalama zake zake, ndipo masapota otero amakhala ndi mphamvu yofunsa mafunso pa msonkhano wa pachaka. Wolowa ulere alibe pakamwa.

Tsono timu yanu ikadzathera pa nambala 13, musalole aliyense akuletseni kusangalala. Anyamata aja ayenda mitunda yaitali, nthawi zina m'mimba muli pululu, ndipo akusungirani mpira wa Super League m'boma lanu kwa chaka china. Ayamikireni. Koma phwando likatha, akuluakulu a timu akuuzeni poyera kuti chaka chamawa akufuna nambala yanji, ndi kochi uti, ndi ndalama zochokera kuti. Akangoyankha kuti "bola tisatuluke" kachitatu, muwauze kuti nyimbo imeneyo mwaimva kokwanira.