Madzi a m'ngalande sanama

Nkhani ya chimbudzi sitiikamba pagulu, koma akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lero tiikambe.

Mu February 2022, boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, patatha zaka 30 matendawa asanaoneke m'dziko muno. Kachilombo kake kadafanana ndi ka ku Pakistan. Kuwonjezera pa katemera wa khomo ndi khomo, unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO adayamba kutunga madzi onyansa m'malo osankhidwa ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu kuti akawayeze.

Chifukwa chake nchosavuta. Mwa anthu 200 otenga poliyo, amene amalumala ndi mmodzi. Ena onsewo amangoyenda, ambiri osamva ndi mutu womwe, koma kachilombo kakutuluka m'chimbudzi chawo kwa masabata angapo. Chipatala chimaona wodwala yekha. Ngalande imalandira za aliyense, wodwala ndi wooneka wabwinobwino. Botolo limodzi limayankhira anthu zikwizikwi, popanda kubaya munthu jakisoni kapena kulemba dzina lake. Ndi mmene London idadziwira mu 2022 kuti kachilombo ka poliyo kakuzungulira mumzindamo, ngakhale panalibe mwana wolumala. Ku Blantyre nakonso, akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome adalondola COVID-19 m'mitsinje ya mumzinda.

Koma njirayi imamva okhawo amene zonyansa zawo zafika potungirapo. Ku Chibanja mabanja ambiri amadalira zimbudzi zokumba, ndipo malowa ndi otsika. Mvula ya ku Mzuzu ikalimbikira, zina za m'dzenje zimatsata madzi nkudutsa pamene ana amasewera asanazione woyeza. Kumudzi kumene ndimaphunzitsa ndiye kulibiretu ngalande yotiyankhulira.

Choncho khonsolo ya mzinda ndi a zaumoyo aziuza anthu zotsatira, kudzera mwa mafumu, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'sukulu. Kutunga madzi mwakachetechete kumabala mphekesera, ndipo tidaona pa nthawi ya COVID-19 mmene mphekesera zimathawitsira anthu katemera.

Ife makolo tisadikire labotale. Mwana wosapitirira zaka 15 akafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, tiuze mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo. Poliyo alibe mankhwala, koma katemera wake ndi waulere. Achikatemera akafika pakhomo, titulutse ana onse oyenera kulandira.