ZA MAPHUNZIRO: Calculus ndi Physics Ziphunzitsidwe Pamodzi

Minibasi yocoka ku Kabanana m'mamawa kupita m'tauni ya Lusaka siyenda ndi liwiro limodzi ai. Imanyamuka mwaulesi itadzaza anthu ndi katundu wao, nithamanga pamene mseu waongoka, niima mwadzidzidzi kondakitala akaona munthu wokweza dzanja, ndipo ikalowa mu mseu wa Great North imakwawa ngati nkhono pakati pa magalimoto othithikana. Mwana wa sukulu wokhala pambuyo pa dalaivala amaona kamuvi kosonyeza liwiro kalikukwera ndi kutsika ulendo wonse.

Mwanayo atauzidwa kuti minibasi yayenda makilomita 10 pa theka la ola, sangavutike kuyankha kuti liwiro lake linali makilomita 20 pa ola. Samu imeneyo anaiphunzira kale ku pulaimale. Koma atafunsidwa liwiro la minibasiyo pa kanthawi komwe inali kupyola pa cipata ca msika, samu yogawa mtunda ndi nthawi imathera pomwepo, pakuti kanthawi kotero kalibe utali woti munthu nkuwerenga. Cikhalireco kamuvi kaja kanaloza nambala ina yake pa kanthawi komweko. Nthambi ya samu imene imayankha funso limeneli imachedwa calculus, ndipo cigawo ca phunziro la Physics cofotokoza kayendedwe ka zinthu ndi mphamvu zoziyendetsa cimachedwa mechanics. Nkhani ya mlungu uno ndi yakuti ziwirizi ziyenera kuphunzitsidwa pamodzi, makamaka tsopano pamene Fomu 5 ndi Fomu 6 zabweranso m'dongosolo la sukulu za Boma.

Makolo akuluakulu akumbuka kuti dziko la Zambia lisanalandire ufulu mu 1964, sukulu ya Munali inali ndi Fomu 6, kumene anyamata ocepa anali kukonzekera kupita ku mayunivesite a kunja. Pa tsiku la ufulu dziko lonse linali ndi eni nthaka pafupifupi 100 okha okhala ndi digiri. Bungwe lotsogozedwa ndi Sir John Lockwood linalangiza mu 1963 kuti yunivesite yatsopano izilandira ana ongomaliza Fomu 5, kuti dziko lipeze msanga anthu ophunzira. Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa mu 1966, Fomu 6 inasiyidwa m'sukulu za Boma, ndipo maphunziro ake anasamukira m'caka coyamba ca ku yunivesite. Eni migodi anaona kusowa kwake, kotero kuti m'zaka za m'ma 1980 kampani ya ZCCM inatsegula sukulu ya Mpelembe ku Kitwe, yokonzekeretsa ana odzaphunzira uinjiniya. Dongosolo limene Unduna wa Zamaphunziro unakonza mu 2023, niyamba kugwira nchito mu 2025, linagawa zaka motere: zaka 6 ku pulaimale, zaka 4 za Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndi zaka 2 za Fomu 5 ndi Fomu 6.

Calculus yokha si yacilendo kwa ana a sekondale. Otenga Additional Mathematics akhala akuiphunzira kwa zaka zambiri, ndipo silabasi ya 2013 inaikamo ciyambi cake m'samu wamba ya Giredi 12. Cobvuta ncakuti mwana amaiphunzira m'cipinda ca samu monga masewera a zilembo x ndi y, osauzidwa kuti zilembozo zikuimira ciani. Belu likalira amalowa m'cipinda ca Physics, napatsidwa malamulo atatu kapena anai a kayendedwe ka zinthu kuti awaloweze pamtima ngati ndime za katekisimu. Mwana wambiri amamaliza sukulu osadziwa kuti malamulo olowezawo amatuluka m'samu yomwe ija anaisiya m'cipinda cinaco.

Mphunzitsi wofuna kulumikiza ziwirizi angathe kuyambira pa citsime, cimene mwana aliyense wa kumudzi kapena wa m'komboni amacidziwa. Mwala woponyedwa m'dzenje lakuya umagwa mamita pafupifupi 5 pa sekondi yoyamba. Pakutha masekondi 2 wagwa mamita 20, ndipo pakutha masekondi 3 wagwa mamita 45. Lamulo lake ndi ili: nambala ya masekondi iculukitsidwe ndi iyo yokha, kenaka ndi 5. Galileo Galilei wa ku Italy analifotokoza m'buku lake la mu 1638, atayesa ndi timipira togubuduka pa thabwa lotsetsereka, popeza mwala wogwa unali kufulumira koposa mawochi a masiku amenewo.

Tsono mphunzitsi amafunsa kuti, kodi mwalawo ulikuthamanga motani pa sekondi yaciwiri yeniyeniyo? Ana amayamba ndi cimene akudziwa. Pakati pa sekondi 2 ndi sekondi 3 mwala wayenda mamita 25, ndiye kuti liwiro ndi mamita 25 pa sekondi. Koma sekondi yathunthu ndi nthawi yaitali kwa mwala umene ukuonjezera liwiro. Acepetse nthawiyo, ayese pakati pa 2 ndi 2.1: yankho likutuluka 20.5. Acepetsenso, pakati pa 2 ndi 2.01: yankho ndi 20.05. Apa mphunzitsi wanzeru amakhala cete, nalola ana kupitiriza okha kufikira mmodzi wa iwo atanena kuti manambalawa alikulunjika pa 20 ndipo sadzapyola pamenepo. Mwana ameneyo wapeza yekha cimene mabuku amacha differentiation. Akadzaona zizindikiro zake pa bolodi mawa lake, adzazindikira kuti ndi njira yacidule yolembera cinthu cimene anacipeza kale ndi pensulo yake.

Wina angafunse kuti kubvutika konseku nkwaciani, popeza malamulo oloweza aja amapereka yankho lomwelo la 20. Funsolo nloyenera, ndipo yankho lake liri m'mvula. Malamulo olowezawo amagwira nchito pokhapo pamene mphamvu yokoka kapena yokankha cinthu siisintha. Dontho la mvula locokera m'mtambo wa makilomita 2 kumwamba, malinga ndi malamulo amenewo, likadafika pansi ndi liwiro la mamita 200 pa sekondi, kumene kuli makilomita 720 pa ola. Mvula yotero ikadang'amba cimanga m'minda ndi kuboola madenga a udzu. Zoona zake nzakuti ngakhale dontho lalikulu limafika pansi ndi liwiro losakwana mamita 10 pa sekondi, cifukwa mpweya umalikaniza, ndipo likamafulumira mpweyawo umalikaniza koposa, kufikira kukaniza kwake kutalingana ndi kulemera kwa dontholo. Mphamvu ikusintha liwiro, liwiro nalonso likusintha mphamvu. Lamulo loloweza lingagwire pati pamenepa? Calculus yokha ndiyo imatha kutsata kusinthana kotero kanthawi ndi kanthawi. Zofanana ndi zimenezi zimacitika pa sipuling'i ya galimoto, pa njinga yotsika phiri, ndi pa cingwe cokweza cikepe ca mu mgodi, cimene kulemera kwake kumacepa pamene cikukulungidwa.

Mbali yaciwiri ya calculus, yochedwa integration, ndi kuphatikiza tizigawo tating'ono tosawerengeka kuti munthu apeze cathunthu. Khoma la damu la Kariba, limene linamalizidwa mu 1959, nlalitali mamita 128. Madzi a pamwamba amalikankha pang'ono, a pansi amalikankha kwambiri, ndipo palibe mizere iwiri ya khomalo imene imamva mphamvu yofanana. Wofuna kudziwa mphamvu yonse ayenera kugawa khoma m'timizere topyapyala ndi kuphatikiza zonse. Mwana wocita samu imeneyi pa khoma loongoka amapeza kuti madzi akazama kawiri, mphamvu yao imaculuka kanai. Mlimi womanga kadamu ka ng'ombe pa dambo angapindule ndi mfundo yomweyi, pakuti ndiyo cifukwa cake tsinde la damu limamangidwa lokhuthala koposa pamwamba.

Amene amati samu iyambe yatha yonse, Physics idze pambuyo, aiwala m'mene nzeruzi zinabadwira. Mu 1665 ndi 1666 mliri unatseketsa yunivesite ya Cambridge ku England, ndipo Isaac Newton, mnyamata wa zaka zosakwana 25, anabwerera kwao ku mudzi wa Woolsthorpe. Kumeneko anali kusinkhasinkha za kugwa kwa zinthu ndi kuyenda kwa mwezi, ndipo samu yatsopanoyo anali kuikonza pa nthawi yomweyo. Malamulo ake atatu a kayendedwe ka zinthu anasindikizidwa mu 1687. Gottfried Leibniz wa ku Germany anapeza samu yomweyi payekha, naisindikiza mu 1684, ndipo zizindikiro zambiri zimene ana amalemba lero nzake. Akuluakulu awiriwa anakangana zaka zambiri za amene anayamba, koma mkanganowo mwana wa Fomu 5 angaudumphe osataya kanthu.

Mabvuto alipo, ndipo sayenera kubisidwa. Cicotsedwere malipiro a sukulu za Boma mu 2022, makalasi a m'makomboni a Lusaka anadzaza, ndipo phunziro lofuna kuti mwana aliyense ayese manambala yekha limabvuta pamene ana atatu kapena anai apanikizana pa desiki imodzi. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nkumazima maola ambiri pa tsiku, kotero kuti mwana wa ku Kabanana, Chazanga kapena Mandevu anali kuwerenga usiku ndi kandulo kapena nyali ya foni. Aphunzitsi odziwa bwino samu ndi Physics pamodzi ngocepa, pakuti ambiri anaphunzira kuphunzitsa limodzi la maphunziro awiriwa. Komabe zipangizo zofunika pa mechanics sizidula. Thabwa, mpira wacitsulo wocoka m'gudumu la galimoto, cingwe, mwala ndi wochi ya pa foni zikwanira kubwereza zimene Galileo anacita. Cofunika koposa ndico cakuti mphunzitsi wa samu ndi wa Physics akhale pansi kuciyambi kwa temu, nagwirizana kuti mlungu umene wina akuphunzitsa differentiation, mnzake akhale pa liwiro la cinthu cogwa. Zimenezi ziri m'manja mwa ahedi a sukulu.

Makolo a kumudzi amene ali ndi ana kwa abale ku Lusaka, kapena pa sukulu zonga Chizongwe ku Chipata, David Kaunda ku Lusaka ndi Hillcrest ku Livingstone, ali ndi mbali yao. Khomo la uinjiniya, la migodi ndi la zamagetsi limatseguka kapena kutsekeka pa tsiku limene mwana asankha maphunziro ake ku sekondale, zaka zambiri asanaganize za Yunivesite ya Zambia kapena ya Copperbelt. Ana ambiri okhoza samu, makamaka atsikana, amathawa Additional Mathematics ndi Physics yoima payokha cifukwa anzao anawaopseza kuti zimagwetsa pa mayeso, ndipo makolo amamva za cisankhoco mwana atafika kale kumapeto. Mwana akabwera ku chuti, bambo kapena mai amufunse maphunziro amene anasankha ndi cifukwa cake. Ndipo ngati mwanayo akuti amaphunzira Physics, apite naye ku citsime, aponyemo mwala, awerenge nthawi kufikira madzi atamveka, ndipo mwanayo anene kuya kwa citsimeco asanatsitsemo cingwe coyesera.