Malume sanalodzedwe, anafa ndi hepatitis B

Malume anga anamwalira ali ndi zaka 41. Mimba inatupa, maso anachita chikasu, miyendo inadzaza madzi. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti wina anawadyetsa kanthu chifukwa cha mkangano wa munda, ndipo mpaka lero mabanja awiri a kumudzi kwathu sapatsana moni. Koma buku lawo la kuchipatala ndinaliwerenga ndekha. Dokotala analembamo hepatitis B ndi khansa ya chiwindi. Palibe amene anafotokozera akazi awo tanthauzo la mawu amenewa, kapena kuwauza kuti iwo ndi ana akayezetse.

Chimene chikundikwiyitsa ndi ichi: ine, mwana wa ku yunivesite, ndinadziwa za matendawa malume ali kale m'manda. Za Edzi tinaziimba kuyambira ku pulayimale. Za kutupa chiwindi ndani anatiuza?

Bungwe la WHO linati m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo matenda a chiwindi oyamba ndi tizilombo ta mtunduwu anapha anthu 1.3 miliyoni chaka chomwecho. Kuno kwathu kafukufuku wasonyeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse, 5 mpaka 8 ali nako. Ndiye kuti pa ukwati wa akuluakulu 200, anthu 10 kapena kuposa akuvina nako, ambiri osadziwa. Kachilomboka kamakhala zaka 20 kapena 30 kakuwononga chiwindi munthu akumva bwinobwino. Pamene mimba ikutupa, nthawi zambiri madzi amakhala afika kale m'khosi.

Kamafala kudzera m'magazi ndi pogonana, koma kuno ku Africa ambiri amakatenga ali ana: pobadwa, kapena kwa anzawo kudzera m'zilonda. Lezala limodzi lotemera mphini banja lonse ndi njira inanso. Kudyera mbale imodzi kapena kupatsana moni wa m'manja sikufalitsa, choncho amene mumasala anzanu ku hositelo lekani. Wamkulu akakatenga, nthawi zambiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma mwa makanda 10 otenga kachilomboka pobadwa, 9 amakhala nako moyo wonse.

Malawi inayamba kubaya ana katemera wa hepatitis B mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14. Apa boma linachita bwino. Koma amene munabadwa 2002 isanafike, inu amene mwangomaliza digiri, azichimwene ndi azichemwali athu, katemerayu anakudutsani. Komanso mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilomboka sangadikire masabata 6. WHO imati katemera woyamba aperekedwe pasanathe maola 24 mwana atabadwa.

Ndikudziwa yankho limene ena apereke: dziko ndi losauka, malungo alipo, kolera ilipo, sitingathe zonse. Ine sindikuvomereza. Kuyeza hepatitis B ndi kubaya chala basi, monga timachitira ndi HIV, ndipo mayi woyembekezera ku sikelo amabayidwa kale chala chomwecho. Mankhwala a tenofovir, amene amafooketsa kachilomboka, ali kale m'zipatala zathu mkati mwa ma ARV. Anamwino alipo, njira ilipo. Chimene chikusowa ndi phokoso. Edzi inapeza ndalama chifukwa anthu anafuula. Odwala chiwindi amafera kumudzi mwakachetechete, mlandu n'kugwera nkhalamba ya nyumba yoyandikana.

Ndiye phokosolo tiyambe ife. Atsogoleri a mabungwe a ophunzira, amene mumadziwa kutsekera msewu nkhani ya alawansi, kafunseni ku chipatala cha pasukulu panu ngati amayeza hepatitis B ndi kubaya katemera. Pa 28 July, tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, tikufuna tebulo loyezera pakhomo la laibulale, osati matisheti. Anzathu ophunzira udokotala ndi unamwino, amene mumagwira magazi m'mawodi, musalole kupita kumeneko musanabayidwe.

Ine ndinakayezetsa, ndilibe, ndipo ndabayitsa katemera kawiri, kwatsala kamodzi. Holide yapitayi ndinatenga ana atatu a malume kukayezetsa. Woyamba, wobadwa mu 1999, anapezeka nako. Tsopano akuonedwa ndi dokotala, ndipo akudziwa dzina la chimene chinapha bambo ake.