Wochi ya madola 10,000: tsiku la vuto mudzaigulitsa kwa ndani?

Pali nkhani imene yafala pa mafoni masiku ano, maka-maka pakati pa anyamata amene angoyamba kumene nchito. Ati ndalama osasunga ku banki, gula wochi yodula ya ku Switzerland, uisunge zaka ziwili kapena zitatu, ukagulitse mtengo utakwela. Pa TikTok na Facebook mumaona mnyamata wa suti, dzanja lili pa siteling'i, wochi ikung'anima, mau ake okoma ngati uci. Ine nkhaniyi naifufuza, ndipo maganizo anga ni akuti kwa ife amene timaima pa mzele pa Kulima Tower na City Market, malonda awa ali na msampha. Lekani nifotokoze.

Tiyambe na wochi yeni-yeniyo. Iyi ilibe batili. Mkati mwake muli sipuling'i imene imapombeka mukapotoza kakonono ka pambali, kapena dzanja likamagwedezeka poyenda, ndipo imayendetsa tumagiya tung'ono-tung'ono. Ni nchito ya luso, ico sinikana. Koma pa kusunga nthawi imagonja kwa wochi yachipa. Rolex imalonjeza kuti wochi yake siphonya masekondi opitilila 2 pa tsiku, kutanthauza mineti imodzi pa mwezi. Casio F-91W ya pulasitiki, ija ya ba kondakita, malile ake ni theka la mineti pa mwezi.

Izi zinayamba mu 1969 pamene kampani ya Seiko ya ku Japan inatulutsa wochi ya pa mkono yoyendela batili na quartz. Mafakitale a ku Switzerland anavutika koopsa. Anthu ogwila nchito yopanga mawochi kumeneko anali pafupi-fupi 90,000 mu 1970, koma pofika m'ma 1980 anatsala pafupi-fupi 30,000. Amene anapulumuka anasintha malonda: anayamba kugulitsa dzina na ulemu. Ndiye mtengo wa wochi yotele lelo waimilila pa cilakolako ca anthu, ndipo cilakolako cimasintha ngati nyengo.

Manje, kodi ni boza kuti ena anapindula? Iyai, ni zoona. Mu October 2017, ku New York, Rolex Daytona imene inali ya katswili wa mafilimu Paul Newman inagulidwa pa okushoni madola 17.8 miliyoni. Patek Philippe Nautilus 5711 ya citsulo inali kugulidwa m'sitolo pa madola opitilila pang'ono 30,000, koma kampani italengeza mu 2021 kuti ileka kuipanga, mtengo wa kwa ogulitsanso unapitilila madola 100,000. Nkhani ziwili izi ndiye zimene anyamata a m'mavidiyo amakonda kuchula.

Cimene sakamba ni cimene cinacitika pambuyo pake. Mitengo inafika pamwamba ca m'ma March 2022. Mabanki aakulu a ku America na ku Ulaya atayamba kukweza ciwongoladzanja, ndalama za crypto nazonso zitagwa, anthu ambili anathamangila kugulitsa mawochi ao pa nthawi imodzi. Mitengo inatsika kwa zaka ziwili zotsatizana, ndipo mawochi ena ochuka anataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wao, ena kuposa pamenepo. Amene anagula pamwamba, atamva kuti anzao alemela, ndiye analila. Cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyelele.

Cina, mawochi amene mtengo wake umakwela ni ocepa kwambili, ndipo phindu limapita kwa munthu amene anagula pa mtengo wa m'sitolo yovomelezeka. Kumeneko simungangolowa na ndalama n'kutuluka na Daytona. Amakulembani pa mndandanda, mumayembekeza miyezi kapena zaka, ndipo amayamba kupatsa makasitomala ao akale amene anagulako kale zinthu zina zodula. Inu na ine tidzagula kwa wogulitsanso, amene wadyapo kale phindu lake. Mawochi ena onse odula ali monga motoka yatsopano: ikangotuluka pa geti, mtengo watsika.

Tiwelengeko na zolipila. Mukaibweletsa muno mwalamulo, ZRA ifuna msonkho wa pa boda na VAT ya 16 pelesenti, ndiye mwayamba kale na cibowo m'thumba. Tumagiya tuja tumafuna kutsukidwa na kuthilidwa mafuta. Rolex imalangiza kucita zimenezi pafupi-fupi zaka 10 zilizonse, ndipo mtengo wake ni madola mahandiledi angapo. Iyi si nchito ya ba mudala amene amasintha mabatili pa kathebulo m'tauni. Mungafunike kuitumiza ku Johannesburg kapena kutali kuposa apo. Nthawi yonseyo wochi sibala kanthu. Nyumba ya lendi ku Kanyama kapena ku Mtendele imabweletsa ndalama mwezi na mwezi. Ng'ombe kumudzi imabeleka. Nkhuku zimaikila mazila. Wochi imangogona m'kabokosi, inu n'kumapemphela kuti kubwele wina wofuna kulipila zambili kuposa zimene munalipila.

Palinso gong'a. Kale wochi yabodza inali kudziwika na kupepuka kwake komanso utoto wosupuka. Lelo kuli zina zopangidwa mwaukatswili cakuti ngakhale wodziwa amafunika kutsegula kumbuyo na kuyang'ana na galasi. Kabokosi na mapepala nazonso amakopela. Vuto ili ni lalikulu cakuti mu December 2022 Rolex inayamba yokha kutsimikizila mawochi ogwilapo nchito ogulitsidwa m'masitolo ake ovomelezeka. Nanga inu, munthu amene mwangodziwana naye pa WhatsApp akakuuzani kuti iyi ni olijino yocokela ku Dubai, mudzatsimikiza bwanji?

Nanga kuivala? Tonse tidziwa kuti pa Lumumba Road sutulutsa foni pafupi na windo ya basi. Ku London kweni-kweniko apolisi amalimbana na magulu a akawalala amene nchito yao ni kukwatula mawochi odula pa mikono ya anthu. Cuma cimene mumaopa kuvala, ndiponso mumaopa kusiya kunyumba, cimakulandani tulo.

Koma funso lalikulu, limene nifuna aliyense adzifunse asanatulutse ngwee, ni ili: tsiku la vuto, nidzagulitsa kwa ndani? Wochi ya madola 10,000, dola ikakhala pa K25, ni K250,000. Tinene kuti kwagwa malilo ku Petauke, kapena mwana afunika opaleshoni, kapena January wafika na mafizi a ku koleji. Ni anthu angati mu Lusaka amene ali na K250,000 ya pamanja, amene afuna mtundu womwewo wa wochi, ndiponso akhulupilila kuti yanu si gong'a? Ploti mukaika pa malonda, mafoni amalila cifukwa aliyense adziwa nchito ya ploti. Wochi ogula ake ali ku Geneva, Hong Kong na Dubai. Kuno mudzathela kwa wa kaloba, amene adzaona nkhope yanu kuti muli pa moto, n'kukuuzani mtengo wake iye. Mitengo imene mumaona pa intaneti ni ya wogulitsa. Wogula kwa inu amachula wotsika, cifukwa nayenso afuna kudyapo.

Pali mfundo imodzi ya anyamata a mawochi imene niilemekeza. Amati kwacha imasungunuka m'manja. Mu 2013, ndalama zatsopano zitangotuluka, dola imodzi inali pafupi-fupi K5. Pofika mu 2024 inali itapitilila K25. Munthu amene aopa kusunga ma kwacha pansi pa matilesi sanalakwe. Koma onani bwino: ngati wochi yanu yakwela mtengo m'ma kwacha cifukwa ca ici, yakwela ni dola. Akaunti ya madola ku banki ikanacita cimodzi-modzi popanda mantha a gong'a na akawalala. Komanso njila iyi siyenda mbali imodzi cabe. Mu 2021 kwacha inalimba kucoka pa K22 kufika pafupi na K16 m'miyezi yocepa, ndipo aliyense amene anali na katundu wa madola anaona cuma cake cikufota.

Nikamba izi cifukwa ndalama zambili za pa nthawi imodzi zimabwela kamodzi-kamodzi kwa munthu wamba. Ena analandila 20 pelesenti ya NAPSA kuyambila mu 2023. Ena amayembekeza gilachuwiti, ena cilimba, ena kugawana kwa village banking kumapeto kwa caka. Nthawi imeneyo ndiye alangizi amaculuka. Wina akakuuzani kuti sonkhani ndalama tigule wochi pamodzi, phindu tidzagawana, mufunseni laisensi yocokela ku Securities and Exchange Commission kapena ku Bank of Zambia. Akayamba kuzungulila, nyamukani.

Njila zosaonekela pa TikTok zilipo. Bank of Zambia imagulitsa ma treasury bill a masiku 91 mpaka 364, na ma bond a boma a zaka zingapo, ndipo munthu angayambe na K1,000. Ciwongoladzanja mumacidziwa pa tsiku logula, tsiku lolandila ndalama nalonso mumalidziwa. Ku Lusaka Securities Exchange kuli masheya a makampani amene katundu wao mumagula tsiku lililonse. Izi nazonso zili na ngozi zake, koma zili pansi pa malamulo a dziko lino, ndipo pali ofesi imene mungagogode zinthu zikavuta.

Sinikamba kuti kukonda wochi ni chimo. Ngati ana ali pa sukulu, lendi yalipilidwa, pambali pali ya tsiku la mvula, ndipo mtima wanu umakondwa kumva tumagiya tukugunda pa mkono, gulani. Muivale ku ukwati, muivale ku chalichi, tsiku lina mudzasiyile mwana wanu. Koma m'buku lanu muilembe kumbali ya ndalama zimene mwadya, pamodzi na suti na nsapato. Ikadzakwela mtengo, ni mwai cabe. Ya mafizi na ya malilo ikani pamene mungaitenge Lolemba m'mawa popanda kupempha munthu.